Kuyala mphasa pa dothi kuti madzi asathawe, mmene ndimachitira kuno ku Angonia

Amene tili ndi madimba kapena minda pa malo otsetsereka kuno ku Angonia, ku Tsangano mpaka kukafika ku Furancungo uko, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, tikudziwa nkhani ya mvula yoyamba ija, imagwa ndi ukali ola limodzi lokha koma ukapita m'mawa kumunda upeza madzi onse anadutsa ngati a paulendo, dothi lakuda lija lakaunjikana kumunsi m'munda mwa a neba, iwe watsala ndi katondo ndi timiyala. Ukakumba ndi khasu pang'ono pansi pake ndi pouma gwa ngati sikunagwe kanthu. Nde munthu umadabwa kuti mvula yonse ija yapita kuti.

Tiwerengere limodzi kuti muone zimene timataya. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi mulitali mita imodzi mulifupi ndi lita imodzi ya madzi. Nde kadimba ka mamita 10 uku 10 uku, kukagwa mvula ya mamilimita 20, yomwe ndi mvula wamba chabe, kalandira malita 2000, ndiwo mabidau 100 a malita 20 aja amene ana amasenza kuchokera ku mjigo. Tangoganizani kutunga zigubu 100 ndi manja. Madzi amenewo abwera okha ulele, ife timangowayang'ana akutsetsereka kupita ku mtsinje, kenako Okutobala akafika tili kalikiliki kugula gazolina wa motobomba, pampu ya injini yothiririra ija. Anzathu a kumunsi ku Moatize, Changara ndi mu mzinda wa Tete zawo nzovuta kuposa zathu, chifukwa uko mvula ndi yochepa kale ndipo dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala limapyola madigiri 40, ukathirira m'mawa pofika 10 koloko bedi laumanso. Chilala cha El Niño cha mu 2023 mpaka 2024 chija chinationetsa tonse, olo ife a kumtunda amene timadzitama kuti kwathu mvula sisowa.

Zimene ndikufuna ndikufotokozereni ndi mphasa zoyala pa dothi. Amene amamanga misewu ikuluikulu amazigwiritsa ntchito pa zitunda zimene adula, amayala chinthu chonga ukonde wokhuthala pa dothi lopanda kanthu lija nkukhomerera ndi zikhomo kuti mvula isaligumule udzu usanamere. Za ku fakitale zilipo za mitundu ingapo. Pali za ulusi wa makoko a kokonati, zofiirira zolimba, zambiri zimachokera ku India ndi Sri Lanka, izi ndi zimene zimakhalitsa, zaka ziwiri zitatu pena kupyola. Pali za juti, ulusi womwe uja amapangira ziguduli, zimenezi chaka chimodzi kapena ziwiri zawola. Pali za udzu wosokedwa pakati pa maukonde awiri, izi sizichedwa, dzinja limodzi basi. Chomvetsa chisoni nchakuti kokonati tili naye wambiri m'dziko mwathu muno, ku Zambézia ndi ku Inhambane makoko ake ali mbwee, koma ine pa feira, kapena kuti msika, uliwonse umene ndapitapo kuno sindinaonepo munthu akugulitsa mphasa yotere. Mukaipeza ndipo thumba likulola gulani, kayalidwe kake nkofanana ndi kamene ndinene apa. Koma ambirife tizipanga tokha, ndipo zopanga tokha zimagwira ntchito bwinobwino.

Musanayambe mumvetse kaye chimene mphasa imachita, chifukwa mukamvetsa ichi zina zonse muzidziwa nokha. Dontho la mvula likamenya dothi lopanda chofunda limaliphwanya kukhala fumbi lonyowa, fumbi lija nkutseka timabowo tonse tolowera madzi, dzuwa likawala pamwamba pamachita nkhanambo yolimba. Mvula yachiwiri ikabwera imapeza khomo lotseka kale, nde imangoyenderera pamwamba ikunyamula dothi. Mphasa imalandira dontho lija m'malo mwa dothi, madzi amatsika mwaulemu kudzera m'mipata, ndipo amene akufuna kuthamanga amakodwa mu ulusi kapena mu udzu nkupeza nthawi yolowa pansi. Ikatha mvula mphasa yomweyo imatchinga dzuwa ndi mphepo nde chinyontho sichiuluka msanga. Alimi a fodya izi si zachilendo ayi, ndi nzeru yomwe ija timaphimbira nazale ndi udzu, kusiyana kwake nkwakuti apa udzuwo taumanga pamodzi nkuukhomera pansi kuti madzi kapena kamvuluvulu asaunyamule. Pa malo a fulati simufunikanso kuluka chilichonse, ingomwazani udzu kapena mapesi mwatha. Mphasa ndi ya potsetsereka, m'mbali mwa mabedi okwera, pa milambala yatsopano, m'mphepete mwa ngalande, pamene zophimbira zongomwaza zimakokoloka limodzi ndi dothi.

Zopangira tsopano. Udzu wofolerera nyumba ndi umene ndimaukonda, tsekera uja, ndipo ngakhale wakale wosasula pa denga ndi wabwino kwambiri chifukwa njere zake zinafa kalekale. Mukamweta watsopano mwetani usanakhwimitse njere, apo ayi muukunthe bwinobwino, ine chaka choyamba ndinabzala udzu ndi manja anga m'bedi la anyezi, unamera kuposa anyeziwo mpaka akazi anga kumandiseka kuti bambo mwayamba ulimi wa tsekera. Bango limachita bwino ngati muli kufupi ndi dambo. Mphasa zakale zogonera zimene zinathothoka m'mbali musamazitenthe, ndi zokonzeka kale izo. Masamba ouma a nthochi nawo amalukika koma sachedwa kuwola. Mapesi a chimanga amatheka, kungoti ndi okhuthala sagona bwino pa dothi pokhapokha muwaphwanye kaye ndi chibonga kapena kuwang'amba pakati, komanso ngati munda unagwidwa ndi kapuchi samalani chifukwa mbozi zake zimabisala mkati mwa phesi momwemo kudikira mvula.

Ziguduli zakutha ndi zabwino zedi, mumangozing'amba m'mbali kuti zitambasuke nkulumikiza ndi singano ya masaka. Koma apa mvetserani, chiguduli chimene munali fodya musachiyale pa tomato kapena tsabola. Fodya, tomato ndi tsabola ndi pachibale, ndipo matenda a mozaiki aja opiringiza masamba amakhala nthawi yaitali mu zinyenyeswa za fodya wouma. Zoterozo kaziyaleni pa mlambala kapena pa mitengo. Masaka a pulasitiki a feteleza aja ayi ndakana, sawola, dzuwa limangowafumbutsa kukhala tizidutswa toyera timene mudzakhala mukutola m'munda zaka ndi zaka, mbuzi nazo zimadya.

Chingwe chomangira chikhale chowola nachonso, khonje, luzi kapena mlaza. Nayiloni ndi malamba a matayala amatsala m'munda nkumakola khasu.

Kalukidwe kake nkosavuta, amene anaonapo agogo akusoka mphasa kapena kumanga mpanda wa udzu agwira msanga. Pezani pabwalo posalala pamthunzi, khomani zikhomo zitatu kapena zinayi pa mzere, kutalikirana kwake ngati chikhato chimodzi ndi theka, nkukhomanso zina zotero mamita 4 kapena 5 kutsogolo. Kokani zingwe kuchokera ku zikhomo za uku kukafika za uko, zikhale zokungika. Kenako mumatenga kamtolo ka udzu konenepa ngati zala ziwiri, kugoneka mopingasa pa zingwe zija, nkumanga ndi chingwe china pa mzere uliwonse, kamtolo kena pambali pake, chonchobe mpaka kumapeto. Muzisinthanitsa, kamtolo aka matsinde kumanja, kotsatira matsinde kumanzere, kuti mphasa isanenepe mbali imodzi. Mulifupi mita imodzi ndi yokwana. Musapange yaitali kupyola mamita 5, ikanyowa imalemera moti munthu mmodzi simungainyamule, ndinayesapo ya mamita 10 tinachita kuisenza anthu atatu ngati maliro.

Kukhuthala kwake kumatengera ntchito. Ngati pansi pake mufesa njere zoti zimere kudutsa mu mphasa, ikhale ya mipata, mukaiyang'ana muziona dothi pang'onopang'ono ngati mukusuzumira pa mpanda wakale. Ngati ndi yoyala pakati pa mizere ya kabichi kapena kuzungulira mtengo, ithinane ndithu kuti udzu wapansi usaone dzuwa. Ntchito yolukayi ndi ya mu Julayi ndi Ogasiti pamene udzu ulipo wambiri moto usanadutse ndipo kumunda kulibe zochita zambiri, mukadikira chizimalupsa mupeza tchire lonse lapsa kale ndi anyamata osaka mbewa.

Tibwere ku kuyala, pamene ambiri amalakwitsa.

Choyamba yang'anani kumene madzi akuchokera. Ngati kumtunda kwa munda wanu kuli njira ya ngolo, msewu, thanthwe kapena denga la malata limene limathira madzi onse kwa inu, mphasa payokha singalimbane nawo, amangolowa pansi pake nkuinyamula yonse. Kumbani kaye ngalande yopingasa kumtunda yoti iwalandire nkuwasunga kapena kuwaperekeza pang'onopang'ono ku malo a udzu, osati kukawathira m'munda mwa mnzanu, milandu ya kwa a mfumu yambiri imayambira pomwepo. Mzere wopingasa woongoka bwino mumaupeza ndi chida chija chooneka ngati chilembo cha A chimene alangizi amaphunzitsa, mitengo iwiri ya mamita awiri yomanga pamwamba, wina wopingasa pakati, chingwe cholendewera chomangirira mwala. Pamene chingwe chagwera pa chizindikiro cha pakati ndiye kuti miyendo iwiriyo ili pa mulingo umodzi, mumakhoma chikhomo nkutembenuza mwendo, kumapita choncho. Maso amanama pa nkhani iyi, ine ndinkadzitenga katswiri koma mzere wanga woyeza ndi maso unkatsetserekera mbali imodzi madzi onse nkukaboola pakona.

Mukathana nazo za kumtunda salazani malo oti muyalepo. Chotsani miyala, zitsa, ziputu, phwanyani zibuma zonse, timingalande timene madzi anakumba kale tikwirireni nkupondaponda. Apa musachite ulesi, chifukwa nkhani yonse ya mphasa yagona pa kugunda dothi. Paliponse pamene mphasa yalendewera pa mwala kapena pa chibuma nkusiya mphako pansi, madzi adzapeza njira pomwepo ndipo adzakumba mobisa inu mukuona pamwamba pali bwinobwino, tsiku lodzavundukula mudzapeza ngalande yolowa mkono. Nkhanambo ija ya pamwamba itekesuleni ndi khasu kapena reki, thirani manyowa kapena kompositi ngati muli naye, nthawi yake ndi yomweyi chifukwa mukayala simudzathanso kusakaniza.

Ngati mukufesa njere fesani musanayale. Ngati mukuwokera mbande muyala kaye kenako nkuboola.

Kumtunda kwenikweni kwa malo otsetserekawo, kapena kupitirirako pang'ono pamene payamba kukhala fulati, kumbani kangalande kopingasa kakuya masentimita 15 mulifupi chimodzimodzi, pafupifupi kutalika kwa chikhato. Lowetsani mutu wa mphasa mmenemo, khomani zikhomo mkati momwemo motalikirana phazi limodzi, kwirirani ndi dothi nkuponda mwamphamvu ndi chidendene. Kangalande aka ndiye loko wa ntchito yonse. Mukangoyala pamwamba osakwirira mutu, madzi ochokera kumtunda amalowa kunsi kwa mphasa pa khomo penipeni. Ndiye funyululani kutsikira kumunsi, motsata kumene madzi amalowera, mukuyenda chobwerera mmbuyo nkumaisindikiza ndi manja kuti igone. Musaikoke kuti ikungike ngati chikopa cha ng'oma ayi, isiyeni yofewa izitsata maonekedwe a nthaka, pokwera ikwere potsika itsike. Ubwino wa mphasa ya udzu yoluka mmene ndanenera muja ndi wakuti mukaifunyulula chotsika, timitolo tija timakhala topingasa, nde kalikonse kamakhala ngati kamlambala kakang'ono kogwira madzi ndi dothi.

Mphasa yachiwiri yoyala pambali isanjikize pa inzake masentimita 10 mpaka 15. Polumikiza chotsika, ya kumtunda ikhale pamwamba pa ya kumunsi, ndendende mmene timakhomera malata kapena kufolera udzu pa denga, kuti madzi azitsika kuchoka pa ina kugwera pa ina osapeza polowera. Mukatembenuza ndiye mwawatsegulira pakamwa. Kumunsi komaliza kwiriraninso m'kangalande kena kapena tsamiritsani miyala.

Zikhomo musaumire. Nsungwi zong'amba zimachita bwino, kapena timitengo ta mphanda todula ngati ngowe kuti mutu wake uzigwira mphasa, kutalika masentimita 20 mpaka 30, pa mchenga ziposepo chifukwa zifupi zimazuka. Amene muli ndi waya wokhuthala pindani ngati chilembo cha U, koma muziwerenga kuti mudzazule zonse, waya wotsala m'munda amalasa phazi. Pakati pa mphasa khomani motalikirana sitepe imodzi mosemphanitsa, m'mbali ndi molumikiza muja theka la sitepe. Pamene pali kadzenje khomanipo china olo mulingo usanakwane. Mukamaliza yendanipo muzikoka pang'ono ndi dzanja, paliponse pamene padzuka mosavuta pakufunika chikhomo. Pomaliza thirani madzi ndi kheni ya chisefa kuti mphasa inyowe nkukhazikika, youma imapepuka ndipo mphepo ya mu Seputembala ija siichedwa kuipeza.

Ku dimba ndimachita mosiyanako. Mabedi anga ndi okwera chifukwa m'munsi mwake mumadikha madzi nthawi ya dzinja, nde mbali zake zinkagumuka nthawi zonse pothirira, madzi nkumatsikira mu njira m'malo molowa pa mizu. Pano mbali zonse ndimazikuta ndi timphasa topapatiza kapena ziguduli, pamwamba pa bedi ndimayala ina nkuboola ndi mpeni mopingasa ngati mtanda pamene pakhale mbande iliyonse. Tomato, kabichi, repu, mpiru wowokera, tsabola, mabiringanya, zonsezi zimalola. Bowolo likhale lotakasuka, pasakhale udzu wonyowa wogunda tsinde, siyani mpata wa zala zitatu kuzungulira, apo ayi tsinde limawola pa khosi. Karoti ndi anyezi wofesa ndi nkhani ina, njere zake nzazing'ono, izo ndimaphimba ndi chiguduli chimodzi chopepuka kuti pasaume, kusuzumira tsiku lililonse, zikangoyamba kutuluka ndimachotsa madzulo nkuyala timizere ta udzu pakati pa mizere basi. Mukachedwa masiku awiri okha mbande zimatalika zoyera ngati ulusi nkupsa tsiku loyamba kuona dzuwa.

Kathiridwe kamasintha, apa mpamene phindu limaonekera komanso pamene ena amaononga. Musathirire chifukwa choti nthawi yakwana, pisani chala pansi pa mphasa mpaka chilowe chonse, ngati mwamva kuzizira ndi kunyowa siyani, mawa nalonso ndi tsiku. Kwanga nthawi yotentha mabedi osaphimba ndinkathirira m'mawa ndi madzulo, ophimba ndimathirira kamodzi pena kudumphitsa tsiku, ndipo chitsime changa cha m'dimba chimene chinkaphwa mu Okutobala pano chimandifikitsa ku mvula. Sindikuti kwanunso zikhala ndendende choncho, dothi limasiyana, nde yesani nokha, mabedi awiri oyandikana lina kuphimba lina ayi, mbewu imodzi tsiku limodzi, muziwerenga makheni. Pothirira thirani mokwanira kuti madzi adutse mphasa afike pansi, kungowaza pang'ono mumanyowetsa udzu wokha mbewu nkumafa ndi ludzu pansi pa chofunda chonyowa. Amene muli ndi mapaipi a mthirira wa madontho, paipi idutse pansi pa mphasa osati pamwamba. Feteleza wobereketsa naye musamwaze pa mphasa, vundukulani pa bowo paja, ikani m'dothi nkukwirira.

Ife a kumtunda tilinso ndi vuto la chisanu. Juni ndi Julayi ku Tsangano ndi ku Domwe uko m'madambo mumazizira koopsa, ndipo dothi lophimbidwa kwambiri limachedwa kufunda m'mawa nde mbewu zimakula mwaulesi. Miyezi imeneyo ndimapungula, ndimasiya za m'mbali mwa bedi zokha, zapamwamba ndimabwezera kumapeto kwa Ogasiti kukayamba kutentha. Chimodzimodzi pakati pa dzinja mvula ikamagwa sabata yathunthu osakata, bedi la pa dothi la makande lophimbidwa limasunga madzi mopyola muyeso, mizu imabanika. Vundukulani lipume.

Mitengo yongobzala kumene, mango, mapeyala, malalanje, mapichesi amene amachita bwino kuno, ndi imene imayamika kwambiri. Pangani kabeseni kuzungulira mtengo, ngati ndi potsetsereka kamlambala kooneka ngati mwezi wongokhala kumene kumunsi kwake kuti kazigwira madzi ochokera kumtunda, yalani mphasa ya mita imodzi mbali zonse yong'amba mpaka pakati kuti ilowe pa tsinde, miyala inayi m'makona. Chigubu chimodzi chimakhala masiku angapo pamenepo.

Za chiswe ndikudziwa mufunsa, chifukwa aliyense amene ndamuonetsa amayamba ndi funso limenelo. Eya chimabwera ndipo chimadya mphasa, makamaka ya udzu ndi ya mapesi, pena miyezi itatu inayi yatha. Poyamba zinkandipweteka mtima koma nditakumba pansi pake ndinapeza dothi lili ndi timabowo tambirimbiri tolowa pansi ndipo lofewa ngati pa chulu chakale chophwasuka, madzi ukathira amangomira. Mmene ndaonera ine chiswe chikapeza zouma zokwanira chimatanganidwa nazo, chimavuta kwambiri pamene chamaliza zouma nkupeza mbewu yofooka ndi ludzu. Nde ndimangoonjezera udzu pamene padyeka, ndi kusiya mpata uja pa tsinde. Pa mitengo ya bulugamu yaing'ono pokha samalani kwambiri, imeneyo chiswe chimaikonda. Nkhono ndi nyerere zimabisalanso pansi pa chinyontho, mbewa nazo, ndipo pamene pali mbewa njoka sichedwa, musamapise dzanja pansi pa mphasa musanagogode ndi ndodo, ana muwauzenso. Mphasa zogula zokhala ndi ukonde wa pulasitiki zimakola njoka ndi abuluzi nkufera momwemo, ukonde wakewo sumawolanso, ngati mukugula sankhani ya ulusi wokhawokha.

Adani enieni kwa ine ndi awiri, mbuzi ndi moto. Tete ndi kwawo kwa mbuzi, nyama yake imatchuka mpaka ku Maputo, koma zikamasulidwa pambuyo pokolola zimadya chilichonse chooneka ngati udzu ndipo chotsala zimachikoka ndi ziboda. Nkhumba ndiye zimafukula dala pofuna nyongolotsi. Kopanda mpanda yalani mochedwa, ziweto zikayamba kumangidwa mvula ili pafupi, kapena tchingirani ndi minga. Moto lambulani mzere wopanda kanthu mamita awiri kapena atatu kuzungulira. Mphasa zimene mukusunga zikulungeni nkuziika pa thandala m'mwamba osati pansi.

Mvula yoyamba yamphamvu ikagwa musadikire kuti kuche bwino, valani jombo mupite mukaone, ngati nkotheka ikugwa kumene. Muona nokha pamene madzi akulowa pansi, pamene chikhomo chazuka, pamene dothi launjikana pa mphasa. Pokumbika vundukulani, kwirirani, pondani, khomani zikhomo ziwiri pamene panali chimodzi. Kabowo ka lero mukakasiya mvula zitatu ndi chigwembe. Ndipo kunena zoona pali mvula ina imene palibe mphasa ingaime, ija ya namondwe Ana mu Januwale 2022 inagwetsa mlatho wa pa Revubue pakati pa Tete ndi Moatize, nde musayembekezere kuti udzu womanga ndi khonje ungachite zimene simenti inalephera. Chimodzimodzi zigwembe zikuluzikulu zolowa munthu, mphasa imathandiza m'mbali mwake mutazisalaza kaye kuti zisakhale chiriri, koma pansi podutsa madzi pamafunika timipanda ta miyala kapena ta zikhomo zolukidwa ndi nthambi, tingapo motsatizana kuyambira kumtunda.

Chinthu chimene ndinachedwa kuchimvetsa nchakuti mphasa ndi mlendo, imabwera kudzagwirizira dothi kwa dzinja limodzi kapena awiri kenako imawola nkusanduka manyowa. Ngati pofika nthawi imeneyo palibe mizu yogwira dothi mwabwerera pomwe munayambira. Nde tsiku lomwe mukuyala pa mlambala kapena pa chitunda bzalanipo chinthu chokhalitsa. Udzu wa vetiva ndiye mfumu pa ntchito iyi, mizu yake imalowa pansi mowongoka mamita awiri kupyola, sayanga m'munda ngati kapinga, mbuzi sizimukonda akakhwima ndipo olo apse amaphukanso. Mumagawa ziputu, kudula masamba kusiya ngati chikhato, nkubzala pa mzere wopingasa uja motalikirana masentimita 10 mpaka 15, kuboola mphasa ndi chikhomo nkulowetsa. Akagwirana amakhala mpanda wosefa dothi, ndipo masamba ake mukamameta ndi omwewo mudzalukire mphasa za chaka chamawa. Amene muli ndi ng'ombe nsenjere nazo zimatheka, kungoti zimadya malo ndi chinyontho nde zisayandikire kwambiri mzere wa chimanga. Nandolo pa mlambala ndi wabwinonso, ndiwo mupezapo.

Musayambe ndi munda wonse, hekitala ndi mamita 100 uku 100 uku, mphasa za mamita asanu zingafunike 2000, mungaluke mpaka manja kutupa. Yendani m'munda mwanu muone malo awiri atatu amene amakupwetekani chaka chilichonse, pamene mizere ya mbatatesi imaduka, pamene madzi amatulukira, mbali ya dimba yoyang'ana ku mtsinje, yambani pamenepo ndi mphasa zisanu kapena khumi. Kwina konseko mizere yopingasa bwino, ngonyeka m'makwalala ndi mapesi ongogoneka zikwanira. Ine chaka chino ndatsala ndi kachitunda ka kuseri kwa khola kamene madzi a pa malata amagwera, udzu ndamweta kale uli pa thandala, chingwe cha khonje ndi chimene ndikudikira Loweruka pa feira.